Nyimbo imodzi sachezera gule ku Chidzolomondo

Chidzolomondo ndi limodzi mwa madera awiri amene amapanga boma la Macanga m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Dera linalo ndi Furancungo, komwe kuli likulu la bomalo. Kumeneku n'kumtunda kozizira, dziko la chimanga, nyemba ndi fodya, ndipo anthu ake amalankhula chinenero chomwe a ku Dedza ndi ku Ntcheu amati Chichewa pamene ku Mozambique amati Chinyanja.

Mlendo wofika m'nyengo ya dzinja amapeza anthu ali pakalikiliki m'minda, ndipo usiku kumangomveka achule m'madambo. Koma akabwera pakati pa Meyi ndi Okutobala, chimanga chili m'nkhokwe, fodya atagulitsa, amamva zina. Kukangoti ngwee kucha Loweruka, zimkuzamawu zimayamba kugunda, kwina kuli ukwati, kwina chinkhoswe, kwina pabaraka pa msika. Kuseri kwa zimkuzamawuzo kumakhala mnyamata amene aliyense amangomutcha kuti DJ. Ameneyu ndiye amasunga chisangalalo cha mudzi wonse m'manja mwake, ndipo akalakwitsa, mbiri yake imafika kutali iye asanamange n'komwe katundu wake panjinga.

Ntchitoyi sinayambe lero. Akuluakulu amakumbukira gumbagumba ndi mbale zake zimene zinkapindika zikakhala padzuwa. Kenaka kunabwera nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, midzi yambiri ya ku Macanga, Angónia ndi Tsangano inasanduka mabwinja, ndipo anthu pafupifupi 1 miliyoni a ku Mozambique anakabisala ku Malawi. Mgwirizano wa mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu anayamba kubwerera kwawo atasenza makasu, mapoto ndi mawailesi a kaseti. M'makasetimo munali Alleluya Band ya ku Balaka, malemu Lucius Banda, sungura ya malemu Leonard Dembo wa ku Zimbabwe ndi kwasakwasa ya Kanda Bongo Man. DJ wa masiku amenewo ankayenda ndi batire ya galimoto ndi thumba la makaseti, ndipo ankabweza kaseti ndi bolopeni pofuna kusunga moto. Lero nyimbo zikwizikwi zimalowa m'kamemori khadi kochepa ngati chikhadabo, koma chimene chimasiyanitsa DJ wabwino ndi wongosokosa sichinasinthe.

Kuti munthu amvetse chinthucho, ayambe wapita ku bwalo la Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005 ngati chuma cha Achewa a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia. Woyimba mbalule sayang'ana ng'oma yake. Maso ake amakhala pa mapazi a wovina, ndipo phazi likamenya pansi ng'oma nayo imayankha. DJ wodziwa ntchito amachita chimodzimodzi. Sawerama n'kumangodinadina foni. Amaona kuti amayi akhala pansi, azibambo apita kukaothera moto, pabwalo patsala ana okhaokha, ndipo amadziwa kuti nyimbo imene iye amaikonda yapha gule. Amasintha msanga anthu asanayambe kufunsana za njira yakwawo.

Mchezo wa ukwati, womwe ndi usiku wotsogolera tsiku laukwatilo, ndiye mayeso ake aakulu. Chakumadzulo agogo ndi ankhoswe akadalipo, choncho amayamba ndi nyimbo zauzimu ndi zakale zimene azakhali angavine osachita manyazi. Usiku ukamakula amalowetsa sungura ndi rumba kuti thukuta lituluke, pakuti chisanu cha Juni ndi Julaye kumtunda kuno sichiseka ndi munthu. Pakati pa usiku achinyamata amafuna amapiano ya ku South Africa ndi nyimbo zatsopano za ku Lilongwe ndi Blantyre. Kukamayandikira mbandakucha, miyendo italema, amatsitsa ndi passada kapena reggae ya Black Missionaries. Wotulutsa nyimbo zonse zotchuka nthawi ya 8 koloko amakhala ngati mlimi wodya mbewu yake, pofika 12 koloko alibe chopatsa anthu. Paja akuluakulu anati nyimbo imodzi sachezera gule.

Luso lina ndi kulumikiza nyimbo. Pakati pa nyimbo ziwiri pakakhala chete ngakhale kwa kamphindi, anthu amabalalika ndipo kuwabweza n'kovuta. DJ waluso amasankha nyimbo yotsatira imene liwiro lake likufanana ndi imene ikutha, n'kuilowetsa mwakachetechete kotero kuti wovina sasowa poponda. M'makalabu a mumzinda wa Tete kapena ku Lilongwe muli makina odula ochitira zimenezi, koma makinawo sangathandize munthu amene khutu lake silimva kugunda kwa ng'oma.

DJ wa kumalire ayeneranso kukhala ndi makutu a maiko awiri. Ku Ntcheu, msewu wa M1 umayenda m'mphepete mwenimweni mwa malire, ndipo pa msika wa Lizulu anthu a mbali zonse amagulitsana mbatatesi ndi kabichi. Nyimbo nazo zimaoloka chomwecho, kuchoka m'foni ina kupita m'foni ina. Pa ukwati umodzi pamatha kukhala akuchimuna a ku Malawi, akuchikazi a ku Macanga, ndiponso aphunzitsi ndi anamwino ochokera kumwera amene amafuna marrabenta kapena kizomba. Wogwira maikolofoni adziwe kulonjera m'Chinyanja ndi m'Chipwitikizi, koma alankhule mwachidule. Anthu anabwera kudzavina, osati kudzamvera iye akutchula maina a anzake nyimbo ili pakati. Pa perekaniperekani ndi pamene pamafunika pakamwa pake. Akaitana akuchikazi ndi nyimbo yowayenera, ndalama zimagwa m'lichero ngati matalala. Akaitana mwamwano, akwati amapita kunyumba chimanjamanja.

Palinso nkhani ya zipangizo. Ngakhale damu la Cahora Bassa lili m'chigawo chomwechi cha Tete, midzi yambiri yakutali ndi msewu ilibe magetsi, kotero DJ amadalira jenereta kapena mabatire otchajidwa ndi sola. Ayenera kudziwa kuti petulo wake afika nthawi yanji, asunge waya ndi fyuzi zapadera, ndipo atchinjirize ampulifaya ku fumbi ndi mame. Wokweza mawu mpaka sipika kulira ngati chitini amawotcha chuma chake yekha. Ng'oma yoliritsa siichedwa kung'ambika. Ampulifaya ikapsa mu Juni, ndiye kuti maukwati onse a chaka chimenecho apita kwa mnzake, chifukwa wokonza amakhala kutali.

Koma chimene chimagwetsa anyamata ambiri si makina ayi, ndi khalidwe. DJ amene walandira kachasu kwa aliyense womupempha nyimbo amayamba kubwereza nyimbo imodzimodzi, ndipo pomaliza amagona pa sipika. Wina amaika nyimbo yonyoza pofuna kusangalatsa gulu limodzi, ndewu n'kubuka, ukwati n'kuthera kwa mfumu. Wanzeru akaona anthu akukankhana amazimitsa nyimbo n'kuitana akuluakulu. Amayamba wadziwitsa nyakwawa asanatsitse katundu, ndipo akamva kuti m'mudzi woyandikana nawo mwagwa maliro, salimbana ndi mwambo. Makolo ambiri amadandaula kuti michezo ikuononga ana asukulu, makamaka atsikana. DJ amene amatenga maikolofoni usiku usanakule n'kuuza ana kuti akagone, makolo amamukumbukira pamene mwana wawo akukwatiwa.

Za malipiro, ochenjera amapangana ndi eni ukwati pamaso pa ankhoswe kusanade: ndalama zingati, m'meticais kapena m'makwacha, petulo agula ndani, ndipo katundu anyamula ndani. Zokambirana m'mawa anthu atakhuta mowa sizitha bwino.

Ku Chidzolomondo kulibe sukulu ya ma DJ. Mnyamata amayamba ndi kusenza sipika za mnzake, n'kumaonerera usiku ndi usiku mmene anthu amadzukira ndi mmene amakhalira pansi. Amene waphunzira kuwerenga mapazi a anthu akwawo, kuyambira agogo mpaka adzukulu, sadzasowa ntchito ngakhale atapita ku Ulongue, ku Tete kapena ku Lilongwe. Amene amangodalira kukula kwa zimkuzamawu zake amaitanidwa kamodzi kokha.