Mapiritsi a azitona sindikugulira, mphwanga

Riebeek Kasteel, 23 Malichi 2025

Mphwanga wokondedwa,

Ine kuno ndili bwino, kungoti ntchito yakula chifukwa tayamba kuthyola azitona, ndipo makina ofinyira mafuta akumazima usiku. Mvula ya kuno imagwa m'miyezi yozizira, ndiye pamene inu ku Santhe mukuponda matope ife tikupsa ndi dzuwa.

Uthenga wako ndinaumva. Wati m'mawa uli m'munda kuthyola fodya, masana kusoka ndi kupachika m'chigafa, madzulo kubwalo la mpira, ndipo ukadzuka ntchafu zimakhala zitauma moti kukhala pansi kumavuta. Wati anzako a mu timu amva zoti kuno kuli mapiritsi a azitona ochotsa kuphwanya kwa thupi, ndiye ndikugulire, udzandibwezere fodya akagulitsidwa ku Chinkhoma. Sindikugulira, ndipo si kuumira ayi. Tamvera.

Kuti m'zipatsozi muli mankhwala, zimenezo n'zoona. Mafuta akangotuluka m'makina amakhala obiriwira, onunkhira ngati udzu wongosenga kumene, ndipo ukameza supuni imodzi amakanda pakhosi mpaka utsokomole. Alendo obwera kudzalawa amayesa kuti mafutawo ndi oonongeka, pamene eni ake amati abwino ndi omwewo. Chimene chimakandacho chimatchedwa oleocanthal, ndipo chili m'gulu la ma polyphenol, pamodzi ndi china chotchedwa hydroxytyrosol. Mu 2005 Gary Beauchamp ndi anzake ku Philadelphia anapeza kuti oleocanthal imagwira ntchito mofanana ndi bulufeni pochepetsa kutupa. Ogulitsa mapiritsi amalekera pomwepo. Chimene samanena n'chakuti akatswiri omwewo anawerengera kuti magalamu 50 a mafutawa, pafupifupi masupuni anayi, amangokwana gawo limodzi mwa magawo 10 a bulufeni amene wamkulu amamwa akamva ululu.

Ma polyphenol ambiri sakhala m'mafuta n'komwe. Amapita ndi madzi akuda, owawa kwambiri, amene amatsala tikafinya. Kale madziwa anali otaya, lero makampani akuwaika m'timabotolo. Mu 2023 a yunivesite ya Anglia Ruskin ku England anafalitsa kafukufuku amene anayesa chakumwa choterechi, chopangidwa ku Italy, pa anthu 29 ochita masewera, kwa masiku 16. Anaona kuti kathamangidwe kawo kanasinthako pang'ono. Ine sindikunyoza kafukufukuyo, koma anthu 29 ndi ochepa, ndipo anali anthu odya mokwanira, osati mnyamata wochokera m'munda wa fodya atangodya chimanga chootcha. Ngakhale mayiko a ku Ulaya, kumene amalima azitona ambiri, lamulo lawo la mu 2012 linangolola ogulitsa kulemba kuti ma polyphenol amenewa amateteza mafuta a m'magazi kuti asaonongeke. Za minofu ya osewera mpira mulibemo.

Komanso kupweteka ukukumvako si mdani. Ukathamanga kwambiri, makamaka poima mwadzidzidzi ndi pokhota, timinofu timang'ambika pang'onopang'ono, ndipo thupi limatumiza magazi pamalopo kuti likonze. Kutupa kumeneko ndiye kukonzako. N'chifukwa chake ululu umakula tsiku lachiwiri kapena lachitatu, kenako n'kumazilala wokha, mwendo n'kukhala wolimba kuposa kale. Chimene thupi likufuna kwa iwe ndi zomangira ndi nthawi. Zomangirazo zili pakhomo pompo: nyemba, soya, usipa, dzira ukalipeza, nkhwani kapena chisoso chotendera nsinjiro za mtedza wathu womwe uja. Thobwa wa mawere amene amayi amaphika umwe ukachoka kubwalo, usachite naye manyazi pamaso pa anzako. Madzi uzinyamula kumunda. Uzigona msanga, ndipo mpaka fodya athe kuthyoledwa uwauze akochi kuti uzibwera tsiku lina, lina n'kupuma. Akakhala munthu womvetsa sakana.

Bulufeni wa pagolosale usamamwe ngati chizolowezi, makamaka ndi njala kapena utatuluka thukuta kwambiri. Amapweteka m'mimba ndi impso.

Koma chimene chandisowetsa mtendere ndi mawu ena amene unangowadutsa mu uthenga wako, akuti masiku ena ukachoka kumunda umamva chizungulire, mutu ndi nseru. Zimenezo si za mpira, mphwanga. Masamba a fodya akakhala ndi mame kapena mvula, nikotini amasungunukira m'madzimo n'kulowa kudzera pakhungu. Iwe umakumbatira masamba m'khwapa, malaya n'kunyowa, phula lakuda lija n'kumata m'manja, ndipo umakhala nazo choncho mpaka dzuwa lipendeke. Mu 2009 bungwe la Plan linafalitsa lipoti la ana ogwira ntchito m'minda ya fodya ku Kasungu, Mzimba ndi Lilongwe, lonena kuti pa tsiku lachinyezi mwana angathe kulowetsa nikotini wofanana ndi wa ndudu 50. Palibe piritsi la azitona lingathetse zimenezo. Muzidikira mame akamuke, uzivala za manja aatali zosalowa madzi, ukaweruka uvule zonyowazo ndi kusamba ndi sopo usanagwire chakudya. Ana a achemwali asalowe m'mundamo ngakhale atalira kuti akufuna kuthandiza. Ukawauze alamu kuti ndanena ndine.

Thupi likaphwanya pamodzi ndi kutentha, ukayezetse malungo tsiku lomwelo, nyengo yake ndi ino. Ukaona mkodzo wada utachita masewera olemetsa, kapena mwendo umodzi watupa osaphwa, usadikire za mawa, ukwere galimoto upite kuchipatala cha boma ku Kasungu.

Ndalama imene ndikanagulira mapiritsiyo nditumiza pa Mukuru mwezi ukatha. Ugule magolovesi ndi majekete a mvula, lako ndi la alamu, yotsalayo ugule soya ndi usipa. Botolo limodzi la mafuta a chaka chino ndipatsira mnzanga amene akubwera pa basi mu Juni, amayi adzathire pa ndiwo zikapsa. Uwachenjeze kuti akatsokomola asadzaataye.

Undiuze ngati chigafa chakumadzulo chija munachifolera, ndiponso kuti mukuyembekeza mabelo angati. Upereke moni kwa amayi, achemwali, alamu ndi ana onse.

Ndine mkulu wako,
wa ku Joni