Jekete ya moto pa kabaza kwa Chitukula

Amene amati kuzizira ndi kwa ku Dedza kokha sanakwerepo njinga yamoto m'mamawa wa Julaye kwa Chitukula. Ndinatsika minibasi pa Lumbadzi dzuwa lisanatuluke, mwera ukuwomba m'minda yokololedwa kale, zala zochita kuuma gwaa.

Wakabaza amene ananditenga anali phee, osanjenjemera. Pachifuwa pa jekete yake pankayaka kabatani kofiira.

"Achimwene, nanga kakuyakako n'chiyani?"

"Ndi mbaula yanga iyi, bwana," anatero akuseka.

Jekete ija anaigula pa kaunjika motchipa, poti wogulitsa ataona waya m'thumba anaganiza kuti ndi yowonongeka. Ati zina ziwiri za m'belo lomwelo anali atazidula kale mawaya ndi lumo. Amalonda anzanga, ndalama zimatayika chonchi!

Majekete otere anayamba kutchuka pakati pa okwera njinga zamoto ku America m'zaka za m'ma 1970. Mkati mwa nsalu, kumsana ndi pachifuwa, anasokeramo timawaya tofewa timene timatentha magetsi akadutsa. Ambiri a masiku ano amayendera pawabanki ya 5V, yomweyi yotchajira foni.

Koma nzeru yonse ili pa kabatani kaja. Kuseri kwake kuli kachipangizo kamene kamatsegula ndi kutseka magetsi mofulumira. Mukafuna kutentha kwambiri kamatsegula nthawi yaitali, mukafuna pang'ono kamangopereka mwa apo ndi apo. Pa majekete ambiri chofiira ndi moto waukulu, choyera wapakati, chabuluu wochepa. Chofiira chimamaliza batire msanga, n'chifukwa chake mnzangayu amachiyatsa ponyamuka pokha, akafunda n'kutsitsa. Kwawo kulibe magetsi, amatchajitsa pa sola ku golosale, ndiye batire amaisunga ngati mchere.

Tikudutsa pa dambo pamene nkhungu inali itagwira, anandiuza za mnzake amene kabatani kake katafa anangolumikiza mawaya ku batire ya njinga. Batire ya njinga ndi 12V, ndipo panalibenso chodula magetsi. Nsalu inasungunuka, msana n'kutuluka matuza, sabata yathunthu osagwira ntchito.

Tsono mukapeza ya waya m'belo, musadule. Lumikizani pawabanki, dinani kabataniko masekondi atatu. Kakayaka, kwezani mtengo, ndipo muuzeni kasitomala achotse batire asanachape.

Ine ndinafika kumudzi mano akugundana. Pobwerera ndinamupempha andibwereke jeketeyo. Anakana.