Khutu Nalo Limafuna Mphunzitsi

Mphunzitsi akafunsa kuti "Mwamva?" kalasi yonse imayankha "Eee!" M'Chichewa kumva ndi mawu amodzi, koma zinthu zake n'ziwiri: mawu kulowa m'khutu, ndi tanthauzo kufika m'mutu. Pa Chingerezi, ambiri a ife timakakamira pakati pa ziwirizi. Kuwerenga timatha, galamala timaidziwa, koma wina akatilankhula mofulumira timangoti kakasi.

Sindikudabwa nazo. Mayeso a Chingerezi a MSCE ndi olemba okhaokha, ndiye mphunzitsi amalimbikira zobwera pa mayeso. Tsiku lofuna sukulu kunja ndi pamene munthu amakumana ndi IELTS, yomwe gawo lake la kumvetsera lili ndi mafunso 40 m'mphindi pafupifupi 30, ndipo zojambulidwazo amaziika kamodzi kokha.

Pa tchuthi ndimathandiza ana a Fomu 3 a kwathu, ndipo ndaona kuti vuto lawo si kusowa mawu. Mawu amene amawaphonya ndi omwewo amawalemba tsiku ndi tsiku. Chichewa chili ndi mavawelo 5, ndipo pafupifupi silabulo iliyonse imamveka bwinobwino n'kuthera pa vawelo. N'chifukwa chake tinapanga sukulu ndi buku kuchokera ku mawu a Chingerezi. Chingerezi cholankhula chimameza timawu ting'onoting'ono: mu "cup of tea", ka "of" kamatsala kampweya chabe, ndipo "going to" amasanduka "gonna". Kwa ifenso l ndi r sizisintha tanthauzo, ndiye "play" ndi "pray" zimamveka ngati mawu amodzi.

John Field, m'buku lake la 2008 lotchedwa Listening in the Language Classroom, anadandaula kuti aphunzitsi ambiri amangoyesa kumvetsera m'malo mokuphunzitsa. Ndikugwirizana naye. Kuika nkhani, kufunsa mafunso, kuchonga, n'kupitirira, sikumuuza mwana pamene khutu lake linapunthwa.

Zimene ndimachita n'zosalira ndalama. Ndikapeza intaneti ndimasunga pa foni pulogalamu ya BBC yotchedwa 6 Minute English, n'kusankhapo chiganizo chimodzi. Ndimachiika katatu, ana n'kulemba zimene amva, ngakhale zitakhala zopanda mutu. Kenako ndimawaonetsa zimene zinanenedwadi. Phunziro lenileni lili pa kusiyanako. Mwana akaona kuti wataya "have" kapena "to", timabwerera pomwepo mpaka atakamva, ndipo iyenso amakatchula momwemo. Nthawi zina ndimaika mawu a munthu wa ku Nigeria, India kapena South Africa, chifukwa Chingerezi chimene adzakumane nacho pa ntchito si cha ku London chokha.

Anzanga ena amati chofunika n'kungomvera wailesi ndi kuonera mafilimu kwambiri. Zimathandiza ndithu, koma chimene khutu silikuchizindikira chimangodutsa ngati phokoso la mvula pa malata, ngakhale utamvera chaka chathunthu. Pafunika wina woimitsa n'kuloza.

Ambiri a ife tikamaliza digiri tidzagwira choko, kufuna kapena kusafuna. Ana amene tidzawaphunzitse adzakhala pa intavyu, m'holo ya yunivesite, kapena pa foni ndi bwana wakunja, pomwe palibe pepala lowerenga kawiri. Mphindi 10 pa phunziro lililonse tingazipeze, ngakhale mayeso sazifunsa.