Ogula ndalama ndi ndalama, ndi chikoti cha agogo anga

Anzanga a mumsika, kunja kuno kuli anthu amene amagula ndalama ndi ndalama. Sindikunena anyamata osintha madola ndi marandi kuseri kwa banki ayi. Ndikunena anthu a masuti amene amakhala pansi mu okushoni ku London kulimbirana kakobiri kakuda bii, kamene inu mutakatola pa depoti ya Limbe mukhoza kungokaponyera mwana kuti azisewera nako. Inenso matenda amenewa ndili nawo, kungoti thumba langa ndi la munthu wogulitsa misomali, maloko ndi mahinjesi.

Okushoni yake siisiyana kwenikweni ndi ya fodya imene tikuidziwa ku Limbe ndi ku Kanengo. Katundu amamulemba m'buku, chinthu chilichonse ndi nambala yake, chithunzi chake komanso mtengo woyerekeza. Mwini katundu amawanong'oneza eni okushoni mtengo umene sangalole kutsikirapo. Ndiye ogula amakwezerana mpaka kanyundo katagunda pa tebulo. Msampha uli pamenepo: mtengo wa kanyundo si umene munthu amalipira. Eni okushoni amaonjezapo yawo, kawirikawiri 20 kapena kuposerapo pa 100 iliyonse, ndipo wogulitsa naye amamudulako. Anthu amenewa amadyera kuwiri, koma poyera, zonse zolembedwa.

Mu October 2020 ku London komweko kunagulitsidwa kandalama ka golide kongofanana ndi chikhadabo cha chala chachikulu. Anakasulitsa ndi Brutus zaka 42 Yesu asanabadwe, ponyadira kuti iye ndi anzake anapha Julius Caesar pa 15 March zaka ziwiri m'mbuyo mwake. Mbali ina kuli nkhope ya Brutus, mbali inayo mipeni iwiri ndi kachipewa pakati. Tangoganizani, munthu kupha mtsogoleri n'kukalengeza pa ndalama! Kanyundo kanagunda pa mapaundi 2.7 miliyoni, ndipo kuphatikiza ya eni okushoni wogula analipira 3.24 miliyoni. Koma mu 2023 akuluakulu a zamalamulo ku New York anakabweza ku Greece atapeza kuti kanatuluka m'dzikomo mozembetsa ndipo mapepala ake anali abodza. Ndiye musamati katangale ndi wa kuno kokha.

Zanga ine zimakwana m'chitini cha bisiketi. Ndinayamba mu 1971, chaka chimene Kwacha ndi Tambala zinalowa m'malo mwa paundi ndi shilingi. Paundi imodzi inasanduka K2, shilingi inasanduka 10 tambala. Agogo anga aamuna sanazikhulupirire ndalama zatsopanozi, choncho zina za zakale anazibisa, ndipo atatopa nazo anandipatsa ine, mwana wa sitandade 4. Muli makobiri obowola pakati a nthawi ya Chitaganya, aja a njovu ziwiri. Muli matiki. Muli ndalama zoyamba za Malawi za 1964 zokhala ndi mutu wa a Kamuzu: ya tambala wakulira, ya chimanga, ndi ya njovu ndi mwana wake. Zimenezi ku okushoni sizilemeretsa munthu, chifukwa zinasulidwa zambirimbiri, koma ndikazigwira ndimamva fungo la golosale ya kwathu ku Thyolo.

Mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amagwira ntchito ku Leeds. Ndi iyeyo amene anandigulira ku okushoni kakobiri ka Mfumu Constantine ya Aroma, ka zaka zoposa 1,600, pa mapaundi osakwana 20. Anthu ndikawauza amati ndikunama, chinthu chakale chotero chingatchipe bwanji? Koma ndi m'mene ziliri. Ukale pawokha si mtengo. Aroma ankasula timakobiri timeneti mosawerengeka, ndipo anthu ku Ulaya amatifukulabe m'minda mpaka lero. Chimene chimakweza mtengo ndi kusowa kwa ndalamayo, kusafufutika kwa nkhope ndi zilembo, komanso mapepala osonyeza kumene yakhala ikudutsa. Ndi chimodzimodzi tomato: akasefukira pamsika, ngakhale akhale wofiira bwanji, mulu wake ndi wotchipa.

Poti ambiri mumabwera pa benchi panga ndi timapepala tokulunga ndalama za makolo anu, ndikuuzeni ziwiri zaulere. Choyamba, musazikweche ndi phulusa kapena mchenga kuti ziwale. Kuda kuja ogula amakufuna, ndipo yokwechedwa imagwa mtengo pompo. Chachiwiri, yang'anani chaka. Mashilingi ndi mahafukorona a ku Mangalande osulidwa chisanafike chaka cha 1947 ali ndi siliva weniweni m'kati. Oyambira 1947 ndi chitsulo wamba chongoyera. Ndipo akakupezani aja oyendayenda onena kuti rupiya ya Mjeremani ili ndi mankhwala okoka chuma, kuti mupereke kaye kangachepe iwo akuitanireni bwana wogula ndi mamiliyoni, gwirani thumba lanu zolimba. Rupiyayo ilipodi, inkayenda ku Tanganyika nthawi ya Kaiser Wilhelm II, koma ndi siliva chabe ndipo mtengo wake umadziwika.

Tsono chimene chandilembetsa nkhaniyi si ndalama. Mwezi wathawu mphwanga uja anaimba foni ali wefuwefu. Akuti, "Malume, kuno akugulitsanso zikwapu zakale! Chija cha agogo chikadalipo?"

Ananditumizira zithunzi. Ndi zikwapu za okwera akavalo, za azungu osaka nkhandwe m'madambo a kwawo. Chogwirira chake ndi nyanga ya gwape yopindika, akuti yokokera chitseko cha mpanda munthu asanatsike pa kavalo. Pakhosi pake pali mkombero wa siliva wodindidwa tizizindikiro: kamkango kotsimikiza kuti silivayo ndi weniweni, nangula ngati chinapangidwa ku Birmingham, ndi chilembo chimodzi chotchula chaka. Zina zili ndi dzina la Swaine & Adeney, amisiri otchuka a zikwapu a ku London. Zambiri zimapita pa mapaundi makumi angapo, zabwino kwambiri mazana. Za minyanga ya njovu zokha ndiye zavuta, chifukwa kuyambira 2022 lamulo la kumeneko linatseka pafupifupi malonda onse a minyanga. Kunena zoona ndi zinthu zokongola, ndipo ndikumvetsa munthu amene amazipachika pakhoma pake.

Koma chathuchi ndi china. Ndi chikoti cha chikopa cha mvuu, chotalika kuposa mkono wanga, chokhuthala kogwirira n'kumka chiwonda mpaka kunsonga. Chilibe siliva, chilibe dzina la mmisiri. Ndipo sichinakhudzepo kavalo chibadwire. Agogo anali kapitawo pa esiteti ina ya tiyi, nthawi ya thangata, pamene munthu wokhala pa malo a mzungu ankalipira lendi ndi thukuta lake. Ambiri mwa anthuwo anali Alomwe othawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique, n'kudzapeza zina kuno. Chikoticho anawapatsa ndi mzungu wa pa esitetipo, ndipo ntchito yake simukusowa kuti ndikuuzeni. Amene anaphunzira za John Chilembwe akudziwa kuti kukwapulidwa kwa anthu m'maesiteti a ku Magomero ndi chimodzi mwa zimene zinautsa nkhondo ya mu January 1915. Thangata anatha mu 1962, koma ndili mwana kunali nkhalamba ina m'mudzi mwathu imene inkati ikaona agogo akubwera, inkapatuka njira n'kulavula. Agogo sankayankha. Sanatiuzepo kalikonse, komanso chikoticho sanachitaye. Chinkakhala pansi pa sutukesi, chokulungidwa m'chitenje.

Mphwanga akuti alipo azungu osonkhanitsa zinthu za nthawi ya atsamunda, ndipo tikalemba bwino mbiri yake chikhoza kugulidwa bwino kuposa chitini changa chonse. Mayi a kunyumba atamva anangoti, "Bambo a ana, nanga chikutipindulira chiyani m'sutukesimo? Mpamba watha, mwana akufuna fizi." Sindingawatsutse. Chigwereni Kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, katoni ya maloko imene ndinkaoda mosaganiza kawiri ndimayamba ndaizungulira katatu. Amene muli pa benchi mukudziwa zimene ndikunena. Iwo anaonjeza kuti tsobola wakale sawawa, ndipo okwapulidwawo onse anapita kale.

Ndinagona nazo masiku anayi. Chimene chinandikanika ndi mbiri yomweyo imene mphwanga akufuna kuti tilembe. Ndalama ya Brutus ija inakwera mtengo chifukwa cha magazi a Caesar, ndipo ine ndemwe ndimaiyang'ana pa chithunzi n'kumasirira, poti Caesar si mbale wanga. Koma apa ndiye kuti ndikhale pansi ndilembe kuti chikoti ichi chinang'amba misana ya anthu a ku Thyolo, cholinga chikhale choti wina ku London akweze dzanja kachiwiri. Msana ukachuluka, mtengo ukwera. Zidzukulu za nkhalamba yolavula ija ndimakumana nazo, mmodzi amagulitsa nthochi chapafupi pomwepa ndipo timapatsana moni m'mawa uliwonse. Ndalama imeneyo ndikanaidya bwanji iye akuona?

Palinso za malamulo. Mvuu ndi nyama yotetezedwa pa malonda a pakati pa maiko, ndipo chinthu cha chikopa chake sichingodutsa pa Chileka ngati paketi ya tiyi, chimafuna chilolezo. Koma ndisanamizire boma. Chikhala kuti chilolezocho anandipatsa chaulere, yankho langa likanakhala lomweli.

Ndiye ndinatsegula chitini. Munali mahafukorona asanu ndi limodzi a Mfumu George V, onse a siliva, amene ndinawasonkhanitsa m'modzim'modzi kwa zaka zambiri. Ndinasungako limodzi, asanu ndinapatsira munthu wopita ku Mangalande kuti akampatse mphwanga akagulitse. Zinandiwawa, koma theka la fizi lapezeka, theka linalo tikulisaka ndi misomali. Mayi a kunyumba sanakondwe kwenikweni, mpaka lero nkhaniyi ikatuluka amangoti, "Inu ndi zakale zanuzo."

Chikoti ndachichotsa m'sutukesi. Ndalemba pa pepala dzina la agogo, dzina la esiteti, ndi maina atatu a anthu amene mayi anga akukumbukira kuti anachilawa. Sabata ya mawa ndikatseka benchi msanga ndikwere minibasi ya ku Chichiri, ndikafunse a ku nyumba yosungirako zinthu zakale ngati angachilandire pamodzi ndi pepalalo.