Mbale ya siliva yopanda maluwa

Ntchito yambiri ya bambo wina wosula siliva pafupi ndi msika wa Kwachena, mumzinda wa Tete, ndi ya mphete zaukwati, ndolo ndi tcheni choduka. Koma mukawafunsa chomwe chidawatulutsa thukuta kuposa dzuwa la mu Novembala, amatchula kambale kena kokhala ndi chivundikiro, kochokera ku Denmark, komwe munthu wina adabwera nako katalowa m'kati mbali imodzi chifukwa chogwa.

"Ndidayamba ndaona kunsi," akutero bambowa. "Padali chidindo cha 925S. Ndiye kuti pa magawo 1,000, siliva ndi 925, otsalawo ndi mkuwa wolimbitsa. Siliva payekha ndi wofewa, sachedwa kupindika."

Ziwiya zotere zidatchuka nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. Ku Copenhagen, kampani yomwe Georg Jensen adayambitsa mu 1904 idatenga Henning Koppel, munthu wophunzira zosema, ndipo mu 1952 iye adajambula jagi yotupa mimba yomwe anthu adaipatsa dzina la bakha woyembekezera. Ku Oslo, a David-Andersen, omwe adayamba mu 1876, ankakuta timabokosi ta siliva ndi galasi losungunula lamitundu yowala. Zambiri za ku Denmark zidalibe duwa kapena nakazere aliyense, thupi losalala basi.

Kusalalako ndiye kumavuta. Kuno kwathu diso lidazolowera timawaya topota ngati ta amisiri a pachilumba cha Ibo, amene amasungunula makobidi akale. Ndi luso lalikulu ndithu, koma pa zopotapota kachilema kamabisala. Pa mbale yosalala palibe pobisa.

"Mbale yotere amaisula kuchokera ku chimbale chimodzi chaphanthiphanthi," akufotokoza choncho. "Umamenya ndi nyundo mozungulira, kuyambira pakati kupita kumlomo. Chitsulo chikayamba kuuma, kulira kwake kumasintha, ndiye umachibwezera pamoto mpaka chifiire pang'ono. Ine ndimachita zimenezi kukada, chifukwa masana kufiirako sikuoneka, ndipo ukapitiriza moto chimasungunuka chisanafike ndi madigiri 900 omwe. Chikazizira ndimachiviika m'madzi a mandimu ndi mchere kuti kuda kuchoke."

Kambale kaja adakakankha kuchokera m'kati ndi mtengo wosalala, pang'onopang'ono, osakhudzako tupa. Tupa imadya siliva, ndipo wodyedwayo sabwerera. Kenaka adadutsamo ndi kanyundo kopukutidwa mpaka kuwala, chifukwa kamzere kalikonse ka pa nyundo kamadindika pa chiwiya.

Chomwe chimawapweteka mtima ndi anthu otsuka siliva ndi mchenga kapena sitiliwulu. Siliva amada msanga pomwe mpweya uli ndi sulufule, ndipo Tete ali pafupi ndi malasha a ku Moatize. Bambowa adauza mwini kambale kaja kuti azikapukuta ndi kansalu kofewa, akatha azikasunga m'thumba lotseka bwino.