Oyilo wa Injini ndi Fumbi la Kwathu

Ife amene timayendetsa galimoto m'misewu ya fumbi ya ku Angónia timadziwa kuti oyilo sakhalitsa. Injini ya dizilo ikayenda makilomita 5,000 timamusintha, ndipo popeza amakanika ali kutali ku Ulónguè, ambiri a ife tidaphunzira kuchita ntchitoyi pabwalo. Kuda kwake sikutiuza kanthu, pakuti oyilo wa m'dizilo amada ngakhale sabata isanathe. Timakhulupirira kabuku kolembamo mtunda.

Timayamba taliza injini mphindi zowerengeka kuti oyilo afunde, ndipo pomasula bawuti ya pansi beseni limakhala lili pompo. Fyuluta yatsopano timaipaka oyilo pang'ono pamphira wake, n'kuimanga ndi dzanja, chifukwa sipanala imafinya mphirawo mopitirira. Timayang'ananso kuti mphira wakale sunakanirire painjini, pakuti iwiri ikasanjikizana oyilo amatayikira panjira. Ndipo abale, pansi pa galimoto yoimikidwa pa jeke pokha sipalowa munthu, ngakhale ntchito ikhale ya kamphindi.

Chotidetsa nkhawa kwambiri ndi oyilo wakaleyo. Kupaka mitengo ya khola poopa chiswe tidakuzolowera, koma taonanso ena akupaka zilonda za ng'ombe ndi mphere za agalu, ena akukhuthulira pansi pafupi ndi chitsime. Mmenemo muli mwaye ndi tizidutswa ta zitsulo, ndipo mvula ikagwa zonsezi zimatsikira kumadzi amene timamwa. Wathu timasunga m'chigubu chomwe chidabwera ndi watsopano, chotsekedwa zolimba, pamwamba pomwe ana safikira.