Zomwe ndikuphunzira pogulitsa makina a m'chipatala

Lolemba

Bwana akuti sindionana ndi kasitomala ndisanadziwe chimene ndikugulitsa. Andikhazika m'sitolo ya kampani ndi concentrator, makina opatsira odwala okosijeni, kuti ndizitsegula ndi kutseka mpaka manja azolowere. Mu mpweya timapumawu okosijeni ndi 21 peresenti yokha. M'kati mwa makinawa muli timigolo tiwiri todzaza ndi timiyala ta zeolite, tomwe timagwira nayitrojeni, ndipo mpweya wotuluka umakhala ndi okosijeni wopitirira 90 peresenti. Timigoloti timalandizana ntchito, n'chifukwa chake makinawa amati phuu pakapita timasekondi tingapo. Pambali pali kasiponji kotchinga fumbi. Kamafunika kuchapidwa sabata iliyonse, kuyanikidwa mpaka kaume gwa, n'kubwezeredwa. Kakatsekeka ndi fumbi makina amatentha, ndipo ndalama zankhaninkhani zimapita chifukwa cha kanthu kokwana m'dzanja.

Lachitatu

Ndaperekeza mkulu amene akundiphunzitsa ntchito ku chipatala china cha mishoni. Ndinaloweza zonse: malita 5 pa mphindi, malita 10 pa mphindi, mtengo, waranti. Namwino wamkulu wa ku wodi ya ana sanafunseko chimodzi mwa zimenezi.

"Achimwene, magetsi akathima usiku, mwana ali pa mpweya, ine nditani?"

Mkulu uja sanazungulire. "Asisita, makinawa sasunga mpweya. Magetsi akapita, nawo aima, kumangolira alamu. Pafunika silinda pafupi, kapena jenereta, kapena sola yamphamvu."

Mtima wanga unati myuu, poganiza kuti malonda afa. Koma asisitawo anaitana mmisiri wa pachipatalapo, ndipo iye anatitengera ku kachipinda kena kuseri. Munali makina ambiri ataunjikidwa, fumbi lili mbuu. Ena anabwera ngati mphatso kuchokera kunja ali a mavoti 110, pomwe magetsi athu ndi a 230, ndiye anapsa tsiku lowalumikiza. Ena ndi abwinobwino, angosowa kachipangizo kamodzi komwe muno sikapezeka. Pa ena panamatidwa kapepala ndi pulasitala, kolembedwa tsiku limene anafa. Mmisiriyo anafunsa chinthu chimodzi: masipeyala a makina athu tili nawo ku Lilongwe, kapena tidzayamba kuitanitsa makina atawonongeka kale? Ndaona kuti amene amasaina cheke ali mu ofesi, koma amene amadziwa ngati katundu wathu ndi wothandiza ndi anthu awiriwa.

Lachinayi

Tsiku la mapepala. Katundu wa zaumoyo amayang'aniridwa ndi bungwe la PMRA, lomwe linalowa m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board. Zipatala za boma zimatenga zambiri ku Central Medical Stores Trust, ndipo kugulitsa ku boma n'kudzera m'matenda, motsata malamulo a PPDA, bungwe loona za kagulidwe ka zinthu za boma. Kiliniki ya munthu payekha imaganiza lero n'kugula mawa. Komishoni yanga imabwera kasitomala akalipira, osati akalonjeza.

Lachisanu

Koteshoni yathu imakhala ya masiku owerengeka. Poyamba ndinkaona ngati ndi njira yofulumizitsa wogula, koma katundu yense timaitanitsa ndi madola, ndipo madolawo kubanki n'ngosowa. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene anali atalonjeza mtengo wakale analira.

Chimene chandivuta mumtima lero ndi kamakina koyezera shuga. Timakagulitsa motchipa, nthawi zina kungopereka ulere, chifukwa phindu lili pa timapepala todonthezera magazi. Timapepala ta kampani ina sitigwira pa kamakina ka kampani ina. Choncho munthu akagula kathu, ndiye kuti tamumanga: mwezi ndi mwezi azibwera kwa ife, mtengo ukwere usakwere. Makina oyezera magazi mu labotale ndi chimodzimodzi, ndalama zili pa mankhwala ake. Kumeneku si kuba, koma kubisa zimenezi kwa wogula sindikugwirizana nako. Pa koteshoni iliyonse ndizilemba mtengo wa timapepalato pansi pa mtengo wa makina, ngakhale mnzanga wina akuti ndizithawitsa anthu ndipo tageti sindiikwanitsa. Tageti ikundisowetsadi tulo, sindikana.

Loweruka

Ndawerenga za Pumani, makina othandiza ana obadwa masiku osakwana kupuma, omwe a Rice University ya ku America anapanga mogwirizana ndi madokotala ndi anamwino a ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre. Oyambirira ake anagwiritsa ntchito timapampu topopera mpweya m'mathanki a nsomba, totchipa komanso tosavuta kukonza. Anawapanga akuyang'ana wodi yeniyeni, fumbi lake ndi kuchepa kwa anthu ogwira ntchito. Katundu wambiri amene ali m'kabuku kathu ka malonda sanapangidwe choncho.

Sabata yamawa ndikupita ndekha ku kiliniki ina yomwe inagula concentrator chaka chatha. Ndapempha bwana andibwereke analyser, kachipangizo koyezera kuchuluka kwa okosijeni. Timiyala ta zeolite tija tikatopa ndi chinyezi, kampira ka pa geji kamakwerabe, mpweya umatulukabe m'kapaipi, namwino n'kumaona ngati zonse zili bwino, chonsecho okosijeni watsika pansi pa 82 peresenti yomwe ndi malire ovomerezeka. Ndikapeza zili choncho ndiwauza pompo asiye kuwagwiritsa ntchito, ndipo ndiwaimbira amisiri athu ndisanatchule zogula atsopano.